Mapeto Anapita ndi Vitumbuwa

Moni kwa iwe amene watsegula tsamba lino, kaya uli m'kalasi, kaya wakhala pakhonde kudikira kuti magetsi abwere. Tiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene anatipatsa maso owerengera, makutu omvera, ndi anthu otiwerengera maso akatopa. Tsopano sendera pafupi, umve za Ndaona.

1. Bokosi la a Daka

Ndaona anali mtsikana wa Giredi 10, ndipo kwawo kunali ku Chamboli, mumzinda wa Kitwe. Bambo ake, a Hector, ankagwira ntchito pansi pa mgodi. Mayi ake, a Keziah, anali a Chigwirizano ku mpingo wa Pulesibiteriyani, mayi wa mawu ochepa koma olemera.

Kuseri kwa mpanda wawo wa nkhadze kunkakhala a Stanislaus Daka, Mkatolika wochokera ku Katete. Mumsewu anthu ankangowaitana kuti ba Shikulu, monga aitanira agogo m'Chibemba. Ali mnyamata anatumizidwa ku Cuba kukaphunzira ntchito yoyeza magazi. Anabwerako ndi Chisipanishi pakamwa ndi mabuku m'sutukesi, ndipo anagwira ntchito pachipatala cha mgodi mpaka imvi zinamera. Kenaka matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono, ngati chiswe pamtanda wa denga, mpaka dzuwa lenilenilo linasanduka kamdima kofiirira.

Akazi awo anali atatsogola kale. Wowasamala anali mwana wawo mmodzi yekhayo, a Philomena, amene ankakazinga vitumbuwa n'kukagulitsa pamsika. Vitumbuwazo ndizo zinkagula mankhwala a shuga, ndizo zinkagulanso ufa ndi makala.

Tsiku lina a Keziah anatuma Ndaona kukapereka mbale ya ndiwo za kalembula, masamba a mbatata, kwa odwalawo. Anawapeza atakhala pafupi ndi bokosi lachitsulo lotsegula, akusisita misana ya mabuku ndi zala, ngati mbusa wowerenga nkhosa zake pakhomo la khola. Ndaona anangoima ndi mbale ija m'manja.

"Ndani ameneyo wasiya kupuma?" anafunsa a Daka. "Munthu wamba akaona mabuku sasiya kupuma. Iwe ndiwe wowerenga."

M'bokosimo munali mabuku a apolisi ofufuza amene wapha munthu. Munali a anthu okwera zombo zopita ku nyenyezi, kumene makina amalankhula ndi kudandaula ngati anthu. Munalinso a maiko amene palibe anawapondapo, a zinjoka zamapiko ndi malupanga okhala ndi maina. Ambiri anali a Chingerezi. Pansi penipeni panali a Chisipanishi, ena a ku Cuba konkuja, ena anawasiyira amisiri a ku Peru amene anabwera kudzakumba mgodi watsopano.

Kuyambira tsiku limenelo Ndaona akaweruka kusukulu ankawerengera a Daka pakhonde, ndipo iwo ankamubwereka mabuku ena kuti akawerenge kunyumba.

2. Mawu a mayi

A Keziah sanamuletse. Koma tsiku lina akusita yunifolomu yawo ya Chigwirizano anamuitana, namuuza kuti akhale pansi.

"Mwana wanga, kwa a Daka sindikukuletsa. Munthu wosaona uja ndi mnansi wathu, ndipo Mulungu adzatifunsa za iye. Koma tamvera. Agogo a bambo ako anachoka ku Ntcheu kudzakhala kalaliki pamgodi uno. Anthu ankawakhulupirira pa chifukwa chimodzi: chimene alemba chinali chimene chachitika. Umenewo ndiwo mwambo wa nyumba ino. Tsono mabuku akowo, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndi zinthu zosachitika. Munthu sanafe, akuti wafa. Njoka ilibe mapiko, akuti yauluka. Ine mantha anga sali pa njokayo ayi. Mantha anga ndi akuti khutu likazolowera bodza lokoma, lilime limatsatira. Mphika wophikira nsomba umanunkha nsomba, ngakhale uutsuke ndi mchenga. Tsiku limene ndidzamve bodza pakamwa pako, udzabweza mabuku onsewo, ndipo kuseri kwa mpandako uzidzangopita ndi mbale ya ndiwo basi."

Ndaona anayankha kuti wamva. Analibe nkhawa, chifukwa sanali mwana wonama.

3. Buku losamalizidwa

Nyengo yozizira itafika, a Daka anaulula chimene chinali kumtima kwawo. Panali buku limodzi la Chisipanishi limene sanalimalize. Ndilo ankawerenga pamene zilembo zinayamba kuvina pamaso pawo. Anavutika nalo mpaka pafupi ndi kumapeto, kenaka mdima unawapambana. Nkhani yake inali ya munthu woliza belu la tchalitchi, m'tauni ina ya asodzi, amene anapezeka atafa pansi pa nsanja ya belulo. Chiyambire tsiku limenelo, sankadziwa amene anamupha.

Ndaona anadandaula kuti Chisipanishi sachidziwa ngakhale moni weniweniyu.

"Pakamwa ndi pako, makutu ndi anga," anatero a Daka. "Iwe uzitchula chabe, ine ndizikuuza zimene watchula."

Anatuma a Philomena kuti akalitenge pansi pa bokosi. A Philomena anati alipukute kaye fumbi, ndipo analibweretsa mawa lake. Chikuto chakumbuyo pamodzi ndi gawo lomaliza anali atazimanga ndi kachingwe ka legeni. Anati achita zimenezo kuti mtsikanayo asasuzumire dzina la wakuphayo nthawi isanakwane.

A Daka anaseka mpaka kutsokomola, chifukwa khalidwe limenelo Ndaona anali nalodi. Anamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo legeniyo asaikhudze mpaka tsiku lake.

Anayambira tsamba loyamba. Ndaona ankayamba ndi pemphero monga anamulangizira mayi ake, ndipo a Daka ankamupempha kuti likhale lalifupi, poti mapemphero a ku mpingo wa kwa Ndaona amaziziritsa tiyi. Poyamba lilime linkamupunthwitsa. Tsiku lina a Daka anamuimitsa n'kumuuza kuti wangotukwana kumene wansembe wosalakwa. Koma pang'onopang'ono mawu achilendowo anayamba kuyenda ngati madzi mumfuleni. Iye ankawerenga ndime imodzi, iwo n'kuimasulira m'Chinyanja, nkhope yawo itakwezekera kumwamba ngati munthu womvera nyimbo yakale.

Wofufuza mlanduwo anali wapolisi wamkazi wachikulire, wotsimphina mwendo umodzi. Okayikiridwa anali atatu. Woyamba anali mkulu wake wa womwalirayo, amene ankalimbirana naye nyumba ya makolo. Wachiwiri anali mwini maboti, munthu wamwano. Wachitatu anali dokotala wa m'taunimo, munthu waulemu, amene anayeza mtembo.

A Philomena sankakhala nawo pakhonde. Ankabweretsa vitumbuwa pambale, n'kubwerera kukhitchini. Masamba akamayandikira legeni ija, iwonso mawu ankawachepera.

4. Legeni imasulidwa

Tsikulo linafika Lachitatu masana. Ndaona anapeza a Daka atameta ndevu, atavala jekete ya Lamlungu.

"Lero tigwira munthu," anatero, akutikita manja. "Masula."

Ndaona anamasula legeni. Pamiyendo pake panagwa zidutswa za nyuzipepala yakale, zodulidwa molingana ndi bukulo. China chinali ndi zigoli za mpira, china chinali chotsatsa feteleza. Masamba enieni omaliza panalibe. Panangotsala timizu ta mapepala ong'ambidwa, ndipo pa kamodzi panali chidindo cha chala, cha mafuta osakanikirana ndi ufa.

Anadzutsa mutu. A Philomena anali ataima pakhomo, beseni lili m'chiuno, chala chili pamlomo. Maso awo anali akupempha ngati a munthu amene madzi amufika m'khosi.

"Bwanji, wameza lilime?" anafunsa a Daka.

Ndaona anayang'ana jekete ija, nayang'ananso a Philomena.

"Shikulu, mutu wayamba kundiwawa," anatero. "Zilembo zikuvina. Tipitirize tsiku lina."

Anasankha mawu amenewo chifukwa ndiwo anali pafupi. Sanaganize kumene anawamva koyamba.

Nkhope ya a Daka inagwa. Anatambasula manja, nafufuza mpaka anagwira masaya a Ndaona. Anamufunsa ngati amamva ludzu pafupipafupi, ngati amatopa msanga, ngati kwawo alipo wodwala shuga. Anati zawo zinayamba chimodzimodzi. Anadziimba mlandu kuti amuwerengetsa mwana wa eni zilembo zing'onozing'ono mpaka kumuwononga maso. Za wakupha uja sanazitchulenso.

Dzuwa lisanalowe anapempha a Philomena kuti awatsogolere kumpanda, ndipo anaitana ndi mawu osweka.

"Amake Ndaona, mwanayu akayezedwe magazi mawa lomwe. Musachedwe monga ndinachedwera ine."

A Keziah anawathokoza mwaulemu. Atalowa m'nyumba anatenga singano yaing'ono kuposa zonse ndi ulusi wakuda, napatsa Ndaona kuti awalowetsere. Kuwala kunali kutachepa, koma ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi.

"Maso ali bwino," anatero a Keziah. "Tsono chikudwala n'chiyani?"

Ndaona analira, nafotokoza zonse.

Mayi ake sanakalipe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anamukokera pafupi namupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndikudziwa kuti unachita ndi chifundo. Unaona mayi akumira, unamuponyera chimene chinali m'manja mwako. Koma taona chimene waponya. Unafuna kuti nkhalamba ija isalire chifukwa cha mapepala, tsopano ikulira chifukwa cha iwe. Lero sidya, sigonanso. Mawa tikapanda kupita kuchipatala adzafunsa, ndiye udzafunika bodza lachiwiri loti lichirikize loyambalo. Ineyo udzafuna ndiname nawo. Bodza lili ngati mwana wa mbuzi womangidwa m'nyumba. Limalowa laling'ono, lokongola, koma limakula, ndipo limadya chilichonse. Lilime ndi kachiwalo kakang'ono, mwana wanga, koma kamoto kakang'ono ndiko kamatentha tchire lonse. Mawu anga aja sindinawaiwale. Mawa mabuku abwerere kwa eni ake. Zina zotsalazo sindikuuza chochita. Wakula. Upemphere, ndipo usankhe wekha."

5. Pamsika

Mawa lake ataweruka, Ndaona anaika m'chikwama mabuku onse obwereka. Sanalunjike kwa a Daka. Anadzera kumsika.

Anapeza a Philomena pamalo awo, pakati pa mayi wogulitsa tomato ndi wina wogulitsa kapenta. Ankakambirana ndi wogula m'Chibemba, koma atamuona Ndaona anatembenukira ku Chinyanja, natsitsa mawu.

Anamuthokoza chifukwa cha dzulo. Kenaka, osafunsidwa, anayamba kufotokoza. Anati kale ankapeza nyuzipepala zakale kwa anthu a m'maofesi, koma masiku ano aliyense amawerenga nkhani pafoni, ndipo zochepa zimene zimapezeka amazilimbirana msika wonse. Vitumbuwa zotentha zikalowa m'pulasitiki zimachita thukuta, ogula n'kumadandaula. Tsiku lina mapepala anawathera msika uli pakati. Anakumbukira bokosi lija.

"Ndinayamba ndi a pansi, a Chisipanishi," anatero. "Ndinati Chamboli yonseyi ndani angawawerenge? Ndinkang'amba kumbuyo chabe, chikuto n'kusiya, kuti atate akamasisita azipeza onse alipo. Ndikanadziwa bwanji kuti kudzabwera kamtsikana kotchula zinthu zimene sikakuzimva?"

Anati pomanga legeni ija ankayembekeza kuti awiriwo atopa asanafike kumapeto. Anapempha Ndaona kuti angopitiriza kudwala masiku ochepa, mpaka atate awo aiwale.

Ndaona anagwira lamba wa chikwama ndi manja onse awiri.

"Ba Philo, ine ndikupita kukawauza kuti maso anga ali bwino, ndiponso kuti ndinanama. Imeneyo ndi yanga. Ya mapepala ndi yanu, sindikuthamangirani nayo. Koma akandifunsa chifukwa chake, sindinamanso. N'chifukwa chake ndayamba kuno. Ndimafuna tipite limodzi."

A Philomena anamuyang'ana nthawi yaitali. Anati atate awo anataya akazi, anataya maso, anataya ntchito, ndipo bokosi lija ndilo lokha linatsala. Ndaona anayankha motsitsa kuti si lokhalo, a Philomena nawonso anatsala.

Mayiwo anaweramitsa mutu. Kenaka anavundikira beseni ndi nsalu, napempha wa tomato uja kuti awayang'anire.

"Iwe mwaiche, kamwana iwe, mutu wako ndi wouma ngati wa amako," anatero. "Tiye, ndisanasinthe maganizo."

6. Pakhonde

Anapeza a Daka pampando wawo, kolona ili m'manja. Phala la m'mawa linali pambali, losakhudzidwa. Atamva mapazi anafunsa msanga zimene anena kuchipatala.

Ndaona anagwada pafupi ndi mpando.

"Shikulu, kuchipatala sindinapite. Maso anga ali bwino. Dzulo ndinanama. Mundikhululukire."

A Daka anatulutsa mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Anakweza kolona ija nathokoza Mulungu, kawiri konse. Atatero m'pamene anafunsa chimene chinamunamitsa.

Ndaona anayang'ana a Philomena. A Philomena ndiwo anagwada mbali inayo, naika buku lija m'manja mwa atate awo, nalitsegula kumbuyo. Zala za nkhalamba zinayenda mpaka zinapeza timizu tija. Zinaima pomwepo.

A Philomena anafotokoza zonse, monga anafotokozera pamsika, koma tsopano mawu ankaduka. A Daka anafunsa ngati ndi buku limodzi lokhalo.

"Onse a pansi, atate."

Kumsewu kondakitala wa minibasi ankaitana anthu opita m'tauni. Misozi inatsika m'maso osaona aja, inadutsa pamasaya ometedwa dzulo, n'kugwera pa chikuto cha buku.

"Bweretsa manja," anatero.

A Philomena anapereka manja awo. Atate awo anawasisita monga ankasisitira mabuku, chala chimodzichimodzi. Anapeza zipsera za mafuta otentha, zakale ndi zatsopano. Anapeza chikhatho chokhakhala ndi makala.

"Zandiwawa, Philo. Sindikunamiza, zandiwawa ndithu. Mabuku amenewa ndinawanyamula kuwoloka nyanja, ndinasiya nsapato kuti akwane m'sutukesi. Koma taona uchitsiru wa atate ako. Tsiku lililonse ndimawerenga misana ya mabuku kuti ndione ngati onse alipo. Manja awa sindinawawerengepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkamwa mankhwala, osafunsa kuti achokera kuti. Ndinkadya, osafunsa kuti wakulungira chiyani malonda ako. Cholakwa chako n'chakuti sunandipemphe. Unandiyesa dzira loti lingasweke. Ine ndine atate ako, ngakhale ndili mumdima. Ukanabwera n'kunena kuti mapepala atha, ndikanakupatsa a zinjoka aja. Sindinawakondepo kwenikweni."

A Philomena anaseka ali mkati molira, nagoneka mutu pamaondo a atate awo. Nkhalamba inawasisita pa duku.

"Ndiye kuti wakupha uja anthu a Chamboli anamumwera tiyi," anatero a Daka. "Chilango chomuyenera."

Ndaona anatulutsa mabuku m'chikwama, nawauza za mawu a mayi ake. A Daka anavomereza kuti mawu a mayi sathyoledwa ndi mnansi. Koma anati asanapite awachitire chinthu chimodzi. Nkhani yonse waimva, anthu onse atatu akuwadziwa. Awauze mapeto.

Ndaona anadabwa. Anafunsa ngati akutanthauza kuti apeke, ndipo iwo anati inde, apeke.

"Nanga si bodza lomwelo, Shikulu?"

"Ayi, mwana wanga, ndipo ichi uchigwire bwino. Dzulo unandiuza chinthu chosachitika ine osadziwa, ndipo tulo sindinatione. Lero undiuza chinthu chosachitika ine ndikudziwa, iwe ukudziwa, Philo akudziwa. Palibe akuberedwa kanthu. Bodza limalowera pazenera anthu ali m'tulo. Nthano imabwera pakhomo masana, n'kunena kuti odi, ndine nthano, ndilowe? Mwini moyo yemwe pophunzitsa anthu ankayamba n'kuti panali munthu wina. Palibe anadzuka kufunsa nambala ya nyumba ya munthuyo. Onse ankadziwa kuti ndi fanizo, koma ankabwerera kwawo atalaswa mtima. Mabuku a apolisiwa ndimawakonda pa chifukwa chimodzi. M'dziko muno zoipa zambiri zimabisika mpaka kumanda. M'mabukumu mumakhala munthu mmodzi, kaya wotsimphina, amene amakana kugona mpaka choonadi chituluke. Amako akuopa zoona, poti mabuku oipa aliko, monga bowa woipa aliko. Koma wowerenga bwino amatulukamo akudana ndi bodza, osati akulikonda. Tsono yamba."

Ndaona anakhala pamkeka, naganiza pang'ono, nayamba. Anati wapolisi uja anakwera nsanja ya belu ndi mwendo wake wovutawo, ndipo ali pamwamba anazindikira chinthu chimodzi. Anthu onse ankafunsidwa kumene anali pa nthawi imene woliza belu anafa. Koma nthawiyo anaitchula ndani? Dokotala. Aliyense anamukhulupirira chifukwa cha ulemu wake, ndipo palibe anafunsa kumene iye mwini anali. Anapitiriza mpaka wapolisi anagogoda pakhomo la dokotala, anthu a m'tauni ataima mumsewu, belu likulira lokha ndi mphepo.

A Daka anawomba m'manja. Anati mutu umenewu usadzatayidwe.

A Philomena anapukusa mutu. Anati iwo sakuvomereza, wakupha ndi mwini maboti, chifukwa anasintha malaya tsiku lomwelo ndipo sanafotokoze chifukwa chake. Atate awo anatembenukira kumene kunkachokera mawuwo, nafunsa kuti za malayazo azidziwa bwanji, munthu wosakhala pakhonde.

"Zenera la kukhitchini lilibe galasi, atate," anayankha.

7. Pepala la pambaula

"Odi kuno."

Anali a Keziah. Anali ataima pampata wa mpanda, ndipo palibe anadziwa kuti afika nthawi yanji. M'dzanja limodzi anali ndi mbale ya ndiwo. M'dzanja linalo anali ndi kapepala kopindika, kowala ndi mafuta.

Anapereka moni, nakhala pamkeka pafupi ndi a Philomena, nawagwira phewa. Kenaka anafotokoza kuti iwo mapepala okulungira zinthu za kumsika, ngakhale a vitumbuwa za a Philomena, sataya, amasungira kuyatsira mbaula magetsi akazima. M'mawa, atakumbukira zimene anawauza Ndaona, anakhuthula kathumba konse. Ambiri anali atapsa kale. Limodzi lokha ndilo linali ndi mawu osamveka.

Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Mabuku obwera nawo kunyumba akhale m'bokosi mpaka sukulu itatsekera. Mawu anga sagwa pansi. Koma bodza lija walibweza wekha, ndi miyendo yako, ndipo sunapondereze mnzako polibweza. Pakhonde pano uziwerenga. Yamba ndi ili."

Ndaona analandira pepalalo ndi manja awiri. Nambala yake inali yotsatana ndi tsamba limene analekezera. Analiwongola pabondo, naliwerenga mosamala, akudumpha pamene mafuta anadya zilembo.

A Daka anatsegula pakamwa. Anamuuza kuti abwereze ndime yomaliza. Ndaona anabwereza.

"Wapolisi wapitadi kwa dokotala," anatero pang'onopang'ono. "Wapeza chitseko chili chotsegula. Walowa. Dokotala ali pansi, wazizira kale. Nayenso aphedwa. Ndipo pazenera pali..."

Onse anasendera. A Philomena anafunsa kuti pali chiyani.

"Tsamba lathera pomwepo."

Ndaona anagwira pakamwa. Mapeto ake onse aja anali atagwa ngati khoma la dothi pamvula. A Daka anaseka mpaka kupukuta maso, namuuza kuti asadandaule, apolisi enieni nawonso amagwira munthu wolakwika.

A Philomena okha ndiwo sanaseke. Anali akuwerenga china chake m'mutu. Ananena mokayika kuti masamba a buku limenelo sanawagwiritse onse. Mtolo wotsala anapatsa msuweni wawo Pauline wa ku Kawama, ku Ndola, amene akufuna kuyamba malonda omwewo. Foni ya Pauline inagwera m'madzi, ndipo ananena kuti ayamba kukazinga Loweruka lomwe likubwerali.

A Daka anatseka buku lija mofatsa, ngati munthu amene safuna kupempha chinthu chachikulu.

A Keziah anakonza duku lawo, nayang'ana kumbali.

"Ine nkhani zopeka sindizikonda, a Daka, mukudziwa," anatero. "Koma munthu woliza belu la nyumba ya Mulungu sangafe chonchi, ife n'kungokhala manja lende. Philomena, minibasi za ku Ndola zimayamba nthawi yanji Loweruka?"

Nawenso wowerenga, Mulungu wa choonadi akusunge. Akupatse maso okonda kuwerenga mabuku, ndi mtima wokumbukira kuwerenganso manja a amene amakudyetsa. Lilime lako likhale loyera, ndipo nthano zako zonse zizilowera pakhomo. Mtendere wake ukhale pa iwe ndi pa nyumba yanu.